Letesi, Chitsamba cha a Nalungwe ndi Bokosi Lako

Chisenga
Lamulungu masana

Lusungu mwana wanga,

Za bokosi lako lachitsulo sindinamalize nawe. Ndimasesa kuchipinda m'mawa uno tisanapite kutchalitchi, tsache n'kugunda chinthu kunsi kwa bedi langa. Pogwada ndapeza ndi bokosi lako lija, lomangidwa ndi chingwe cha khonje, muli nsalu zako zabwino ndi zonse umazikonda. Nditakufunsa wayankha utazolika kuti, "Mundisungire Amayi, ndikaone kaye kumene ndikupitako." Sindinakuyankhe chifukwa pakhomo panali padakali alendo a ukwati wa dzulo. Ndimadzidziwanso ndekha: ndikanayamba kulankhula ndikanakweza mawu, iwe n'kulira, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndakhala pano pakhonde kuti ndilembe, iwe uli kokatsazika kwa a Nalungwe, anzanga a kutsidya kwa msewu amene anakupatsa dzina. Kalatayi ndimupatsa mwamuna wako Ambokile kuti akakupatse mukakafika ku Misuku. Uiwerenge utakhala pansi, osati uli chiimire monga umawerengera makalata a anzako.

Amene anakupatsa nzeru imeneyi ndikuwadziwa. Ndi amalume ako a Yohane. Ndinawamva dzulo kuseri kwa khitchini akukuuza kuti kuno kumpoto mkazi akalowoledwa ndi ng'ombe ndiye wapita basi, ana onse ndi a kuchimuna, choncho usanyamule zonse, khomo la ku Ntcheu n'lotsegula. Sindikuwanyoza ayi. Ndi mlongo wanga, ndi eni mbumba, ndipo ayenda ulendo wautali pa basi yothyola msana kuti adzaone ukwati wako. Akulankhula chifukwa amakukonda. Koma iwo ku Chitipa angogonako pang'ono, ine ndakalambira kuno. Za bokosi lomanga chingwe ndikuzidziwa kuposa iwo.

Mawa m'mawa pokwera lole ndikupatsa zinthu ziwiri m'manja. China ndi kapepala kopindidwa, muli njere za letesi wanga. China ndi chitini cha mkaka chodzaza dothi, muli kanthambi ka chitsamba cha pakhonde pano, chija cha masamba ang'onoang'ono olimba, onyezimira ngati apakidwa mafuta, chimene sichiyoyola masamba chilimwe ndi dzinja lomwe. Dzina lake la m'mabuku sindilidziwa. Bambo ako, ngakhale anali alangizi a zaulimi, ankangoti chitsamba cha a Nalungwe, poti chinachokera pakhomo pawo. Ndikudziwa udzanyamula chitinicho pamiyendo njira yonse uku ukudandaula kuti chikukudetsera diresi. Pirira. Ndikufuna ndikuuze kasamalidwe ka zinthu ziwirizi, chifukwa ine ndinazisokoneza nthawi yaitali.

Tinafika kuno iwe usanabadwe, bambo ako atasamutsidwa kuchokera ku Ntcheu, ine n'kupatsidwa malo pasukulu ya pulayimale. Masiku amenewo ukanena kuti akutumiza ku Chitipa, anthu ankakufunsa chapansipansi kuti, "Mwalakwanji?" Bambo ako sanalakwe kanthu, kunkangofunika mlangizi basi. Titangotsitsa katundu, akazi a ahedi, mayi a ku Zomba, anabwera kudzandilonjera n'kundiuza lamulo la anthu obwera. Anati, "Mayi, ife kuno ndife mame, sitichedwa kukamuka. Panyumba ya boma musabzale chilichonse chokhalitsa. Papaya ayi, mpanda ayi, nthochi ayi. Mukangobzala ndiye kuti mwawauza a kulikulu kuti mwakhazikika, akuiwalani konkuno." Usaseke. Tonse tinkakhulupirira zimenezo, aphunzitsi, anamwino, akalaliki, anthu oti anapita kusukulu. Ukayenda m'nyumba za boma unkapeza mabwalo ali mbee, kuseri kokha timabedi ta mpiru ndi tomato, zinthu zoti ungadye kalata yosamutsa isanakupeze.

Inenso ndinali ndi bokosi langa, lija lobiriwira timaikapo nyali. Munali mbale zadothi za maluwa abuluu, mphatso ya paukwati wathu, ndi nsalu ya patebulo. Chingwe sindinamasule. Ndinkati ndimasulirenji zinthu zoti chaka chamawa ndidzamanganso? Tinkadyera m'mbale zachitsulo zogamphuka m'mbali. Nthawi zina bambo ako ankati, "Nambewe, bwanji lero tidyere mbale zija?" Ine ndinkati, "Tikadyera kwathu."

Letesi anandikomera pa chifukwa chomwecho. Njere zake anabwera nazo bambo ako kuchokera kumaphunziro, ndipo nditangomuyesa ndinati uyu ndiye wanga. Letesi sachedwa. Ukafesa panazale kuzizira kukamayamba, usanatembenuke wamera, ukamuwokera pabedi posakhalitsa wayamba kuthyola. Mizu yake ili pamwambamwamba, ukhoza kumuzula ndi zala zokha. Ndinkati kalata ikangobwera ndimuzula, tidye, tizipita. Tsono iwe ukakafesa, njerezo usakanize ndi mchenga poti n'zazing'ono kwambiri, ndipo usazikwirire mozama. Phimba ndi udzu wouma mpaka zitamera. Manyowa akhale owolerana bwino, a ng'ombe aawisi amamuwotcha. Ku Misuku kumazizira, achita bwino kuposa kuno, koma mvula ya kumeneko ndi yambiri, ndiye bedi ulikweze kuti madzi asadikhe. Nkhono ndi nkhuku zimamukonda kuposa anthu, utchinge. Ndipo madzi, Lusungu, madzi. M'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, kaya watopa kaya uli ndi alendo.

Letesi woyamba atakula ndinadzaza lichero n'kukapereka kwa a Nalungwe, amene panthawiyo ndinkangowadziwa ngati mayi ogulitsa mkaka. Ndinangopereka osanena kanthu. Mawa lake anabwera nkhope ili yodandaula. Anati, "Mama, mphangwe zanu zija n'zowoneka bwino chomene, kweni zasungunuka zonse mu poto. Kwatsala maji pera." Anali atamuphika ngati chisoso, n'kuthira chidulo ndi nsinjiro zomwe. Nditawauza kuti ameneyu amadya wosaphika, ndi mchere, tomato ndi madzi a ndimu, anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, "Yayi mama, kasi ine ndine mbuzi?" Mpaka lero salawa. Koma wopusa pamenepo ndinali ine, amene ndinapereka chinthu chachilendo ngati aliyense anabadwa akuchidziwa. Ku Misuku wosadziwa ukhala iwe. Akakupatsa nthochi zaziwisi kuti uphike mbalagha, funsa apongozi ako aakazi mmene amaphikira pakhomo pawo, usaphike mwa nzeru zako n'kusungunula zonse. Satifiketi yako ya ku sekondale siphika nthochi. M'mawa uziti "Mwaghona," akakupatsa kanthu uziti "Ndagha," ngakhale lilime likulemere. Apongozi ako aamuna usawatchule dzina, ndipo ukakumana nawo panjira upatuke monga amachitira akazi a kumeneko. Mawu oti "kwathu sitichita choncho" uwasiye m'lole momwemo.

Chaka china, utangosiya kuyamwa, anabwera a chipani kusukulu kudzasankha amayi opita kukavina ku Karonga, poti kunkabwera mwini dziko. Kukana kunalibe, ukudziwa iwe. Tinakwera lole titavala nsalu zofanana, ndipo tinakhalako masiku ambiri tikuphunzira nyimbo padzuwa. Bambo ako anali kumidzi ya m'munsi mwa Mafinga, iwe ndinakusiya kwa a Nalungwe, ndipo za dimba palibe amene ndinamuuza. Pobwera ndinapeza letesi wina atafota n'kumamatira kudothi. Wotsalayo anali atatulutsa phesi lalitali pakati n'kuchita maluwa. Ndinathyola tsamba n'kulawa. Kalanga ine, kuwawa kwake ngati kwinini! Letesi akafika pamenepo sabwereranso, kaya umuthirire mtsinje wonse. Ndikupita kukakutenga ndinadutsa pa chitsamba cha a Nalungwe, chili biriwiri monga ndinachisiyira, chikhalirecho palibe anachipatsa madzi chisiyire mvula.

M'banja muli zinthu za mtundu wa letesi, ndipo ndi zing'onozing'ono. Moni wa m'mawa. Kumufunsa mwamuna wako kuti wayenda bwanji kuntchito kwake kunkhalango ya Mughese, n'kumvetseradi yankho. Kukambirana mukasemphana, tsiku lomwelo kapena mawa lake. Izi sizisungika, sunganene kuti ndinathirira kwambiri sabata yatha ndiye sabata ino ndipume. Ndikunena izi chifukwa ndimakudziwa. Iwe ukakwiya umangoti ndwii, ndipo umatha kutero mpaka munthu kuiwala mawu ako. Unatengera ine, sindikana. Ambokile nayenso ndi wofatsa, sayambitsa nkhani. Tsono anthu awiri osalankhula m'nyumba imodzi, aliyense kudikira mnzake, mudzadzidzimuka zitawawa kale. Uziyamba ndiwe. Wamva? Uziyamba ndiwe, sudzafa nazo.

Poti ndatchula za chipani, ndisaiwale. Khadi lako ndaika m'kathumba ka m'kati mwa chikwama chako chakuda. Usayende wopanda, ngakhale popita kumsika. Ukamandilembera uzilemba za mvula, za khofi ndi za thanzi lanu. Zina tizidzakambirana pamaso.

Chitsambachi chinabwera pakhomo pano ine ndisakufuna. Mvula ikayamba a Nalungwe ankandibweretsera kanthambi, ine n'kulandira ndi manja awiri, "Yewo, yewo," iwo akangotembenuka n'kukaponya kuseri kwa bafa. Tsiku lina anapeza bambo ako pakhomo n'kuwapatsa iwowo. Anabzala pompano, pakona ya khonde. Ndinakalipa. Ndinati, "Mwatikhomerera ku Chitipa inu!" Iwo anangoti, "Nambewe, kulikulu kulibe munthu amene analembedwa ntchito yowerenga zitsamba." Posakhalitsa anaitanidwa kumaphunziro n'kundisiyira kuti ndiziyang'anira. Ine chimene ndinkadziwa ndi letesi, ndiye ndinkachithirira ngati letesi, m'mawa ndowa, madzulo ndowa, uku mvula ikugwa. Chinawola kuyambira pansi. Atabwera anandiyang'ana mokayikira. Ndikukuuza zoona, sindinachite dala, kungoti sindinalire.

Chachiwiri unapha ndiwe. Ee, iweyo. Unali utatsala pang'ono kuyamba sukulu. Bambo ako anakuuza kuti chitsambacho n'chako, chikamera mizu muzikulira limodzi. Tinkadabwa kuti masabata akupita koma icho chikungofota. M'mawa wina ndinakupeza utanjuta pakona, wachizula, ukuyang'anitsitsa kunsi kwake, kenako n'kuchibwezera bwinobwino n'kutsendera dothi ndi kachikhatho kako. Ndinati, "Iwe, ukutani?" Unati, "Ndikuona ngati mizu yabwera." Chikhalirecho unkatero m'mawa uliwonse. Timizu tikangoti tituluke, iwe n'kutidula. Bambo ako anaseka mpaka misozi, n'kumati mwana ameneyu adzakhala woyang'anira alangizi.

Lusungu, bokosi lija kunsi kwa bedi langa ndi kuzula komweko. Ukufuna ukakhale ku Misuku uku ukudzizula m'mawa uliwonse kuti uone ngati wagwira. Sudzagwira. Tsiku lililonse limene mudzasemphane ndi mwamuna wako, kapena apongozi akakuyankha mokhadzula, mtima udzathamangira kubokosi. Akuluakulu anati pawiripawiri sipauzirika.

Chachitatu tinachizinga ndi minga, chifukwa cha iwe ndi mbuzi. Chaka choyamba chinangokhala ngati kamtengo kozika, masamba osawonjezeka ngakhale limodzi. Ine ndinkati chafa, tichotse. A Nalungwe ankati, "Chilekeni waka mama, chikugwira ntchito pansi." Ndi chimenechi lero chakupitirira msinkhu, chimene unajambulitsa pambali pake dzulo ndi diresi loyera. Kalata yosamutsa sinabweredi, ndipo kwa zaka ndinkachiyang'ana ndi diso loipa ndikamasesa pakhonde. Koma akazi a ahedi aja, amene sanabzale ngakhale tsabola, anakhalanso kuno mpaka amuna awo kupuma ntchito.

Za maliro a bambo ako ukukumbukira zina, poti unali mu Sitandade 8, koma zina sunazione. Anadwala masiku ochepa chabe, mvula ili pakati. Ine maganizo anga onse anali oti thupi lipite ku Ntcheu, akagone pafupi ndi amayi awo. Koma milatho inali itakokoloka, msewu wa ku Karonga utaduka, ndipo panalibe galimoto imene ikanadutsa. Ndinakhala pamphasa ndikungobwereza kuti, "Sangagone kuno, si kwawo kuno." A Nalungwe anabwera ndi alongo awo, amuna akuluakulu, n'kukhala pansi pabwalo. Wamkulu wawo anati, "Mama, munthu uyu watiyendera m'minda zaka zonsezi. Malo alipo pafupi ndi adada athu. Tipatseni." Anakumba okha, ananyamula okha, ine wa ku Ntcheu ndikungoyang'ana.

Anthu anachuluka tsiku limenelo, mbale n'kuchepa. Amayi ophika anabwera kudzandinong'oneza. Ndinalowa kuchipinda kuti ndimasule bokosi langa, koma mfundo zinali zitauma gwa, ndinachita kudula chingwe ndi mpeni. Mbale zimene bambo ako ankapempha zaka zonse zija anadyeramo anthu a pamaliro awo. Ndinkaona pazenera amayi akuzitsuka kuseri, maluwa abuluu aja akuwala ngati zagulidwa dzulo. Zinandipweteka kuposa nyimbo zonse zimene zinaimbidwa, ndipo zimandipwetekabe.

Titaika maliro ndinafuna kusiya chinthu chamoyo kumutu kwa manda. Ndinaganiza za dimba langa lonse, zaka zonse ndinalima, munalibe chimene ndikanatenga. Ndinauza a Nalungwe kuti ndidzafesa timaluwa ta pabedi, ndizikathirira. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Yayi mama. Kumalaro sitipita ndi ndowa m'mawa ndi madzulo ngati kudimba. Kumeneko timabzala chinthu choti chikhala chokha." Anatuma munthu kukadula nthambi pa chitsamba chawo, anaizika kumutu, n'kupondaponda dothi ndi chidendene. Sitinabwerereko mpaka tsiku lolambula manda. Tinachipeza chili ndi masamba atsopano, ndipo ulendo wathawu chinali chitandifika m'chifuwa.

Kanthambi kako sikanachokere kumanda ayi, za kumanda sititenga. Ndadula pa chitsamba cha pakhonde pano, chako chija. Ukachibzale pamalo posadikha madzi, pafupi ndi khomo pomwe uzichiona. Mvula ili pafupi, ikakugwirira ntchito. Ikadula masabata oyambirira thirira pang'ono, kenako chisiye. Tchinga mbuzi. Chikakula uzichidulira mwa apo ndi apo ndi mpeni wakuthwa, chikatha maluwa, apo ayi chimatambalala paliponse n'kutseka zenera. Ndipo dziwa kuti sichidyedwa. Njala itakupeza chingangokuyang'ana, tsiku limenelo wokuthandiza ndi letesi. N'chifukwa chake ndakupatsa zonse ziwiri.

Chovuta n'kudziwa kuti chiti n'chiti. Ine ndinawoletsa chitsamba pochisamala ngati letesi, iwe usatero. Usamufunse Ambokile m'mawa ndi madzulo ngati amakukondabe, umutopetsa. Usamayang'ane nkhope ya apongozi ako pa mbale iliyonse kuti uone ngati akulandira. Zimenezo n'za chitsamba, zimagwira pansi mosaoneka, ndipo chaka choyamba udzaona ngati palibe chikuchitika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwayi wako ndi woti ukupita kwa alimi a khofi, anthu oti amabzala chaka chino n'kudzathyola mwana wobadwa chaka chomwecho akuthamanga pabwalo. Kudikira amakudziwa, ndipo akudikira iwenso akaona kuti wabwera kudzakhala. Koma amayi a m'mapiri si opusa. Akaona kuti mkamwana wabwera ndi kachikwama kokha, adziwa kuti zenizeni wasiya kwa amake. Akulandira bwino ngati mlendo, akupatsa mpando, koma mlendo sapatsidwa munda ndipo sauzidwa za m'nyumba.

Zoti ana adzakhala a kuchimuna n'zoona, amalume ako sananame. Inenso ng'ombe zija zitafika mtima unandiwawa, ndinaona ngati ndikugulitsa mwana yekhayo amene Mulungu anandisiyira. Ndinakalira kwa a Nalungwe. Iwo anati, "Mama, nanenso anandilowola. Kasi ana anga anaiwala nyumba ya amama anga?" Ndipotu ndimawaona ndekha ana awo akupita kwa agogo awo ndi nkhuku m'khwapa. Ako adzatchedwa dzina la kwa bambo awo, koma adzayamwa bere lako, adzamva Chichewa pakamwa pako, ndipo adzabwera kwa ine kudzadya masamba osaphika ngati mbuzi, afune asafune.

Tsono undimve bwino, usadzati amayi anandiuza kuti ndipirire chilichonse. Ayi. Chitsamba chikabzalidwa pa chiswe timachichotsa. Akadzakukwezera dzanja, kapena ukadzadwala iwo osakusamala, usadikire kuti ndimve kwa anthu. Bwera ndi zovala zomwe zili m'thupizo. Sufunika kusiya bokosi kuti ndidzakulandire, khomo langa silifuna chikole.

Koma ukadzabwera usadzakwere basi ya ku Ntcheu, sukandipezako. Chaka chamawa ndikupuma ntchito, nyumba ino ibwerera kuboma, ndipo amalume ako amayembekeza kuti adzabwera kudzanditenga. Ndawauza lero titatuluka m'tchalitchi kuti sindipita. Anati, "Mlongo, ndiye kuti wasanduka wa kuno?" Ndinati, "Ee, ndipo ndachedwa kudziwa." Akhumudwa, koma adzazolowera. Alongo a anzanga aja, omwe anakumba manda a bambo ako, andipatsa malo kumtunda kwa dimba, ndipo njerwa zikuumbidwa kale. Chitsamba cha pakhonde pano ndisiyira mphunzitsi wobwera, kaya azidzachiyang'ana ndi diso loipa ngati ine, zake zimenezo. Kumalo atsopanoko ndazika kale timitengo take m'malire, nyumba isanayambe n'komwe. Ndabzalanso mango, ine amene ndinkaopa papaya.

Tsono za bokosi. A Nalungwe akukuchedwetsa dala ndi tiyi, ndinawauza ndine. Adalaivala a lole abwera masana ano kudzalonga katundu, ndipo bokosi lako lili pansi pa matumba a chimanga, lona ili pamwamba. Ambokile ndangomuuza kuti mkazi wako anaiwala bokosi, ndipo iye wathokoza. Ukamawerenga kalatayi latsitsidwa kale pakhomo pa apongozi ako, amayi a kumeneko aliona. Chingwe chija ndadula, ndamangira mpanda wa nazale. M'katimo, pakati pa nsalu zako, ndaikamo mbale za maluwa abuluu. Zina zinasweka pamaliro, ina ili ndi mng'alu, koma zotsalazo zikukwanani. Musadikire alendo, musadikire Khirisimasi. Tsiku lomwe mwafikalo, kaya ndiwo ndi nyemba zopanda mafuta, umuikire mwamuna wako m'mbale zimenezo, ndipo mawa lake uchitenso chimodzimodzi.

Ukwiye ngati ukufuna kukwiya, koma osati sabata yonse, ukatha undilembere. Ndayamba kale kukusowa, ndipo mawa nyumba ino indikulira. Mulungu akusungeni m'mapiri amenewo, iwe ndi mwamuna wako. Letesi uzimuthirira, chitsamba usachizule. Kunsi kwa bedi langa ndasesako bwinobwino, kulibe kanthu.

Ndine amako,
Nambewe